Anyamata Audzu ku Barking

Keke anali asanadulidwe pamene chitseko cha holo ya tchalitchi ku Barking, mu London, chinamenyetsedwa kukhoma. Munalowa zinthu za miyendo iwiri koma zopanda nkhope: kumutu zisoti zosongoka za udzu wouma zotsika mpaka m'mapewa, m'chiuno udzu, m'miyendo udzu. Chitoliro chinalira. Akuchimuna, azungu a ku Ireland, anaimirira n'kuwomba m'manja. Akuchikazi anangoti kakasi, mafoloko ali m'malere.

Cynthia, mkwatibwi, anacheukira bambo ake. A Weston Kamphinda anali atanyamula kale mpando wachitsulo.

Chilombo chachitali kuposa zinzake chinkavina chikulunjika ku tebulo la akwati, mwendo wamanzere chikuukhwekhwereza pansi kenako n'kuuponya. Mpando unachipeza paphewa. Chinagwada. Mpando unabweranso, tsopano pamutu, ndipo udzu unayamba kufiira. A Weston, mkulu wa mpingo, munthu amene sanamvekepo akukalipira ngakhale dalaivala wa basi, anaponya mpandowo uko n'kuyamba kupondaponda nthiti ndi nsapato zaukwati.

"Roy! Roy!" ankakuwa.

Amuna anawagwira. A Weston anamuluma chala mmodzi, wina n'kumugwetsera pa keke. Atawakhazika pansi, mkwati Adrian anavula chilombocho chisoti. Anali a Greenwell Chafukira, nkhoswe ya mkwatibwi, mnzawo wa a Weston kuyambira pamene onse ankatsuka mabasi m'nyengo yachisanu mu London muno. Mano ena anali atatsalira m'udzumo.

Mmalawi aliyense m'holomo anamvetsa. Nkhani ya Roy ankaidziwa ndi ana omwe, ngakhale aja oyankha m'Chingerezi. Ku Dowa, masiku a chipani chimodzi, anthu ovala zinyawu anafika dzuwa likuswa mtengo. Anavina pabwalo, kenako anamutulutsa Roy, mng'ono wawo wa a Weston, amene anakana kulowa chipani. Anamumenya mpaka kusiya kupuma, akuvinabe. A Weston anaonera ali m'nkhokwe. Nkhope sanaone ngakhale imodzi; anaona miyendo yovina yokha. Anathawira ku Zambia, n'kudzafika kuno, kwawo n'kukusiya ndi mango ake, fumbi lake, ndi manda amene sanawalimirepo.

Ndiye n'chifukwa chake ulendo wa ku Clare ku Ireland, kwawo kwa mkwati, unasangalatsa aliyense. Anapitako chilimwe chatha kukachita chinkhoswe. Amalume ake enieni a Cynthia ena ali m'manda, ena anamanidwa viza, choncho a Greenwell ndiwo anaimira. Anakaona maphompho a ku Moher, kumene nyanja imamenya thanthwe ngati ili nalo chifukwa. Anayenda dziko la miyala yokhayokha, loti mbuzi ya ku Dowa ingalire. Anaima pa mabwinja a midzi imene njala inasesa, eni ake n'kuwolokera ku Amereka osabwereranso. A Weston anavula chipewa pamenepo.

"Awa ndi abale athu," anatero. "Kuthawa kwawo amakudziwa."

Anabwerako akuseka, akudya bwino. Anthu anati bala lija lapola.

Tsopano onani: pansi magazi, keke ndi udzu.

Ambulansi inafika limodzi ndi apolisi. Wapolisi wamkazi anatulutsa unyolo. Cynthia anagwada pakati pa iye ndi bambo ake, diresi loyera likunyowa ndi magazi.

"Dadi, ndiyang'aneni. Dadi!" Bambo ake sanamuyang'ane. Cynthia anatembenukira kwa wapolisi uja. "Pepani, musawatengere ku selo. Sakudziwa chimene achita. Aona udzu, mutu wabwerera ku Dowa. Awa ndi achipatala, si akundende."

Anafotokoza zonse: za Roy, za nkhokwe, za zinyawu. Wapolisi anayang'ana nkhalambayo, n'kuyang'ana womenyedwa uja, amene ankanyamulidwa pa machira.

"Musiyeni," anatero a Greenwell, mawu akutuluka ndi thovu lofiira, maso ali kudenga. "Ine sindikudandaula."

Azimayi akumpingo analira poona mtima wotere. Wapolisi anabweza unyolo m'lamba, nati a Weston apite kaye akaonedwe ndi dokotala.

Apo mpamene mkwiyo wa Cynthia unapeza kogwera. Anaimirira n'kulunjika kwa apongozi ake, mayi Louisa, amene ankatolera udzu pansi.

"Mayi, munalekeranji kutifunsa? Zinthu zophimba nkhope, pamaso pa munthu amene anaona zimene anaona?"

"Ndi madalitso chabe, mwana wanga. Anyamata audzu amabwera kudzavina ndi mkwatibwi kuti banja likhale ndi mwayi."

"Mwayi wake ndi umenewu?"

Mayi Louisa anamuyang'ana modabwa.

"Koma ife kwathu mwambowu tinausiya kalekale. Anaupempha ndi bambo ako. Ku Clare kuja, a Greenwell atavala chisoti chaudzu cha pakhoma la nyumba yomwera mowa n'kutivinira gule wakwanu, mwendo wamanzere akuukhwekhwereza pansi, bambo ako anawayang'ana miyendo mpaka nyimbo kutha. Kutacha anandiuza kuti paukwati pabwere anyamata audzu, ndipo mnzawoyo asalephere kuvala nawo."

Wapolisi uja, amene anali atafika kale pakhomo, anatembenuka.