Chingwe Chimodzi pa Chitimba

Tsiku limene Walusungu anakwera basi ya ku Joni osamutsanzika, Kezia analumbira pamaso pa amayi ake kuti sadzamulankhulanso mpaka kumanda. Kwa zaka makumi atatu lumbirolo silinavute kusunga, poti munthuyo kunalibe.

Lero si uyu pa Chitimba, imvi mbuu, akuwodzera m'galimoto yamagetsi pamalo otchajira a chingwe chimodzi. Kanyali kobiriwira kanali katayaka kalekale, galimoto itadzaza. Njinga yamoto ya Kezia inali itatheratu batire, ndipo nsomba zake m'dengu zinayamba kufewa ndi dzuwa.

"Ingozulani, amama, mwaleza mtima chomene," anatero wakabaza amene anali pambuyo pake pamzere. "Matchonawa amayesa dziko linaima kuwadikira."

"Chingwe cha mwini sazula osapempha," anayankha Kezia.

Anayang'ana nsombazo. Anayang'ananso dzanja lili pachiwongolero, chipsera cha mbedza chidakalipo pachala chachikulu. Kenaka anagogoda pagalasi pang'onopang'ono, monga agogodera pakhomo pa wodwala.

"A Walusungu," anatero, "tadzukani. Yakhuta galimoto yanu."