Amuna Anu Sapuma

Mayiyo anakhala pa kampando ka m'labotale, chikwama chili pamiyendo, akumvetsera mkulu wa kafukufuku akutamanda mwamuna wake.

"Mayi, amuna anu atipulumutsa. Kafukufuku wathu wa khansa ya kapamba anali ataima. Ena tinawayesa, kuwadyetsa bwino, kuwasamala ngati dzira, koma sabata isanathe anafooka. Iwo ayi. Usana ndi usiku ali pa ntchito, Lamlungu lomwe."

Mayiyo anatsokomola kuti abise kuseka. Zaka zonse za banja lawo, bamboyu ankadzuka dzuwa litafika paliwombo. Mpopi wa kubafa unayamba kudontha mwana wawo ali kumsana, ndipo unadonthabe mpaka mwanayo kukwatiwa. Ntchito iliyonse ankaisiya mwezi usanathe, ati abwana ngansanje.

"Mwatsimikiza kuti ndi iwowo? Simunasokoneze ndi mwamuna wa mwini?"

"Tinafufuza kawiri, mayi. Ndi iwo ndithu."

"Ndiye ku nyumba kwanga kokha n'kumene kunali kotopetsa."

Mkuluyo anakonza magalasi ake n'kufika pa chimene anaitanira mayiyo. Anzake ofufuza a kunja anali atamva mbiri ya bamboyu ndipo ankamufuna kumeneko. Koma iye sanafune kumutumiza mkazi wake asanavomere.

"Kunja?" anatero mayiyo. "Munthu woti ndikamutuma mchere pa golosale ankati mvula ikubwera. Achemwali awo ankandinena kuti ndine ndinawaika m'botolo. Lero aona."

"Mukakana tilemekeza, mayi. Kungoti odwala ambiri akanathandizika."

Mayiyo anayang'ana pansi. Anali atazolowera kudziwa kumene mwamuna wake ali. Ngakhale pa ulesi wake wonsewo, sanagonepo kutali ndi iye.

"Ndiwaone kaye."

"Tiyeni."

Anadutsa pakati pa matebulo mpaka pa kabati yofunda ya pakona. Mkuluyo anavala magolovesi, natulutsa kabotolo kaphwatalala ka madzi ofiirira, nakaika pa maikulosikopu. Mayiyo anawerama. Maselo a chotupa chimene madokotala anadula pa kapamba wa mwamuna wake, asanamwalire chaka chathachi, anali atadzaza mbali zonse, akugawikanabe.

"Apite," anatero akupukuta m'maso. "Ndine yani ine woletsa munthu amene wayamba kulimbikira?"