Njovu ya Khutu Long'ambika

Abson ankamalizitsa kujambula khutu long'ambika la njovu pamene amake Winnie, oyandikana naye nyumba, anaodira pakhonde. Anabwera kudzatchajitsa foni pa sola yake.

Chithunzicho chinali chachikulu, chosati n'kubisa. Anthu makumi anayi akunja amene amamulipira mwezi ndi mwezi pa intaneti ndiwo amasankha choti ajambule, ndipo mwezi uno anafuna njovu imeneyi. Anachita kuipatsa dzina lachikondi. Abson sanawauze kuti ndi yomweyi inapha atate ake a Winnie chaka chatha, akulondera chimanga m'munda mwawo ku Kakumbi.

"Mwaswera bwanji, a Abson?"

Anayankha maso ali pansi, burashi ikudontheza utoto paphazi pake.

Mayiwo anayandikira, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndi yomweyi," anatero motsitsa mawu. "Ndi diso lomwe mwalitha."

"Amayi, ndi ntchito chabe. Amasankha ndi iwowo."

"Sindikukudzudzulani. Nanunso muli ndi ana ofuna kudya."

Anaika foni pampando n'kumanga bwino chitenje. Atafika pamasitepe anatembenuka.

"Koma poti dzanja lanu limakumbukira chonchi, simungandijambulireko malemu? Chithunzi chawo ndili nacho cha pachitupa chokha, chofufutika, ndipo Winnie wayamba kufunsa kuti atate ankaoneka bwanji."

Abson anatsinzina kuti aione nkhope ya malemuyo. Zaka khumi ankapatsana moni m'mawa uliwonse. Chimene chinamubwerera ndi khutu long'ambika lokha.