Timakadi Timene Bwana Zamakono Anawotcha

Panali munthu wina amene anapatsidwa udindo woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona. Antchito ankamutcha Bwana Zamakono chifukwa chilichonse cholembedwa papepala ankati n'chochititsa manyazi.

M'nyumbamo munkagwira ntchito mayi ena achikulire amene kwa zaka makumi atatu ankaonetsa ana a sukulu zinthuzo. Khasu lililonse, mkanda uliwonse, ankadziwa amene anabweretsa ndi komwe unachokera. Zonsezo anazilemba pamanja pa timakadi todzaza madirowa asanu ndi atatu.

Tsiku lina kunabwera mlendo wa suti, wa pakamwa pozuna. Anati ajambula timakadi tonse n'kuika mu kompyuta yake, ndipo mwana azingoloza tabuleti pa chinthu, mbiri yake n'kutuluka yokha. Bwana anavomera tsiku lomwelo, osapita n'komwe kukaona ofesi ya mlendoyo.

Mayi aja sanakane makinawo. Anangopempha kuti ayambe ndi chipinda chimodzi, afunse kaye aphunzitsi zimene akufuna kuti ana aphunzire, ndiponso kuti timakadi tisatayidwe.

"Bwana, makina ndi abwino," anatero. "Koma mwana akamatuluka muno, azituluka akudziwa chiyani?"

"Mayi, nthawi yanu inatha. Kapumeni," anayankha Bwana pamaso pa antchito onse.

Anawapumitsadi mwezi womwewo. Madirowa anawachotsa kuti papezeke malo otchajira matabuleti, timakadi n'kukawotchedwa kuseri pamodzi ndi zinyalala.

Ana anayamba kubwera ambiri. Ankalowa maso ali pa tabuleti, kujambulana, kusakasaka magemu, n'kumadutsa zinthu zenizenizo osadzutsa mutu. Mawa lake aphunzitsi akawafunsa m'kalasi zimene anaona, ankangoti matabuleti ake ndi okongola. Aphunzitsi atadandaula, Bwana anati iwonso ndi otsalira.

Chaka chisanathe, m'mawa wina matabuleti onse anayaka opanda kanthu. Zonse zinali mu kompyuta ya mlendo uja, ndipo nambala yake sinkapezekanso. Bwana atalondola adiresi imene mlendoyo anasiya, anakapeza sitolo yogulitsa matayala.

Mutu utaima, Bwana anapita kunyumba kwa mayi aja kuti akawapemphe adzalembenso. Anapeza mwana wawo wamkazi akuwamwetsa madzi ndi supuni. Mayiwo anali atadwala sitiroko miyezi iwiri m'mbuyomo, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litafa. Sankalankhulanso. Anamuzindikira Bwana, n'kumuyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

Mwanayo sanamupatse ndi mpando womwe.

"Miyezi yonse ija amayi ankasamba m'mamawa, n'kuvala, poganiza kuti mwina muwatumizira munthu," anatero. "Mwabwera lero?"

Bwana anabwerera kuntchito. Sukulu zinasiya kubweretsa ana, matabuleti ali m'makatoni. Pa zinthu zoposa mazana anayi anamatapo timapepala tonena zofanana: "Chinthu chakale. Komwe chinachokera sikukudziwika."

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalowetse makina m'kalasi kapena paliponse pophunzirira, funsani kaye kuti mwana aphunzirapo chiyani, ndipo musataye anthu odziwa chifukwa cha mlendo amene mwakumana naye dzulo. Atumizireni nkhaniyi aphunzitsi, makolo ndi mabwana onse amene mukuwadziwa, ena asanawotche zawo.