Mpango wa Alamu

"Tayeza manthongo anu aja, mayi," anatero namwino. "Anthu ambiri amene afiira maso m'dera lino agwidwa ndi kachilombo kamodzi. Kanu nkosiyana. Takapeza mwa anthu atatu okha: inu, amuna anu ndi mayi wina."

Mayi wosoka zovalayo anamwetulira. Maso atangoyamba kumunyerenyetsa, anapukutira dala misozi pampango wa mwamuna wake nkuubwezera m'thumba la jekete. Ankakayikira kuti mwamunayo ali ndi chibwenzi, ndiye ankafuna aone mkazi amene adzatuluke atavala magalasi akuda. Maganizo ake anali pa mtsikana wina wa kusaluni, ndipo mawu omulalatira anali atakonza kale.

"Wachitatuyo tamuitananso, mankhwala anu ndi amodzi," anapitiriza namwino. "Lowani, mayi!"

Analowa mng'ono weniweni wa mayi wosoka zovalayo, yemwe ankati ntchito yamupanikiza moti chaka chino sanapondeko kunyumba kwa mkulu wakeyo. Magalasi akuda anali pamphuno.

"Achemwali, nanunso?" anafunsa mng'onoyo.

"Inenso, mwana wa mayi anga," anayankha uku akumusunthira pabenchi. "Khala pafupi. Alamu ako amakupukutira okha misozi, kapena mpango uja amangokubwereka?"