Maluwa a Mayi Ake a Nkhanga

Padangokhala Nkhanga ndi Nkhono, aliyense ndi kamunda kake ka maluwa ofiira kuseri kwa nyumba. Maluwa a Nkhangawo adabzala ndi malemu mayi ake.

Dzuwa la Okutobala litawaumitsa, Nkhanga adati, "Anzanga, tipikisane. Tione kumene kuyambe kuphuka maluwa mvula ikagwa."

Nkhono adangodula mapesi ouma, n'kuphimbira nthaka ndi udzu, n'kudzitsekera m'chigoba chake.

"Ulesi!" adatero Nkhanga. Iye adapalasa munda wonse, n'kufukula zitsa zouma n'kuzitentha. Adafesa mbewu zatsopano, koma njala itamugwira adazitolatolanso yekha.

Mvula ya chizimalupsa itagwa, kwa Nkhono kudafiira psuu. Kwa Nkhanga kudali matope okhaokha.

"Koma zitsa zija zidali zakufa!" adalira Nkhanga.

"Inenso chilimwe chonse ndimaoneka wakufa," adayankha Nkhono. "Mukadandifunsa, achemwali. Mayi anu sankazula, ankadikira."

Nkhono adamugawira mizu iwiri. Idaphuka bwino ndithu, koma siidali ya mayi ake. Mpaka lero Nkhanga amapalasa pansi, kufunafuna kamuzu kamodzi kamene mwina kadatsala.