Mwala Umene Anselmo Anabisa

Panali munthu wina m'mudzi wa asodzi ku Baja California, m'dziko la Mexico, dzina lake Anselmo Higuera. Akumeneko amati nkhaniyi ndi yoona, ndipo saikamba mokweza.

Anselmo anali ndi malo ake panyanja. Unali mwala waukulu pansi pa madzi, pamene nsomba zikuluzikulu zotchedwa garopa zinkasonkhana chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi kudzaswana. Malowo anamuonetsa ndi bambo ake. Kumeneko msodzi salemba malo ake papepala. Amayang'ana kumtunda: mtanda wa tchalitchi ukalunjika pampata wa phiri, nsonga ya chilumba n'kubisa nyumba yomaliza ya pagombe, ndiye kuti wafika. Zizindikiro zimenezi amauza mwana wake yekha. Anselmo ankawedza ndi mbedza basi, ndipo nsomba zikakhala ndi mazira sankazikhudza. Kwa zaka makumi anayi mwalawo unadyetsa banja lake.

Chaka china bungwe la asodzi linagwirizana ndi boma zokulitsa dera la nyanja loletsedwa kuwedzamo. Dera laling'ono limene anatseka kale linali litadzaza nsomba, ndipo alendo ankabwera kudzaziona. Msodzi aliyense anapemphedwa kuloza pamapu malo amene nsomba zimaswana, kuti malire atsopano awazungulire. Wosunga mapuwo anali Ofelia, mlongo wake wa Anselmo.

Ofelia anapita kunyumba kwa mlongo wakeyo katatu. Anamufotokozera kuti azidzawedzabe m'mphepete mwa malire, kumene nsomba zimasefukira zikachuluka. Anamuchenjezanso kuti malo otsala kunja aliyense akhoza kuphapo nsomba, alonda osamuletsa.

"Achimwene, simungaulondere nokha mwala umenewu," anatero Ofelia. "Maso muli nawo awiri okha, linalo layamba kale kuchita nkhungu."

"Iwe, bambo anauza ine, sanauze bungwe lako," anayankha Anselmo. "Malo amene munthu sawadziwa angawabe bwanji?"

Malire anaikidwa. Mwala wa Anselmo unatsala kunja, mtunda wosakwana kilomita imodzi.

M'mwezi wa Epulo kunafika mlendo pagalimoto yabwino. Anati dzina lake ndi Rogelio, ndipo amajambula zithunzi za pansi pa madzi. Masiku atatu ankamwa khofi pakhonde la Anselmo, akufunsa za mphepo ndi za asodzi akale. Tsiku lachitatu ananena, ngati mongocheza, kuti anzake a pagombe amuuza kuti garopa zazikulu ngati munthu zinatha kalekale, zangotsala m'kamwa mwa madala.

Mawu amenewo anamulasa Anselmo. M'mawa mwake anamukweza mlendoyo m'boti.

Anachita zonse monga ankachitira bambo ake akanyamula munthu wachilendo. Anamukhazika moyang'ana kunyanja, msana ku mapiri. Analowera kumpoto, nakhotera kum'mawa, nazungulirazungulira pafupifupi maola awiri. Rogelio sanacheuke ngakhale kamodzi, ndipo Anselmo anati mumtima mwake, munthu waulemu uyu. Atafika, mlendo uja anamira, nakhalitsa pansi. Atavuuka anangomugwira chanza Anselmo, nati sanaonepo zotere chibadwire.

Chimene Anselmo sanachiganizire ndi wotchi imene inali pamkono pa mlendoyo. Inali ya masiku ano, yosunga njira yonse imene munthu wayenda.

Meyi atalowa, masanasana, pamwala paja panaima maboti atatu achilendo. Munali amuna omira ndi mapaipi a mpweya, mikondo ili m'manja. Garopa zikamaswana sizithawa. Ankangozilasa imodziimodzi, n'kumazikokera pamwamba mazira akutayikira m'madzi.

Anselmo anathamangira komweko. Rogelio anali chiimire m'boti lapakati.

"Musatukwane, madala," anatero. "Pano si panu. Malire si awo ali apowo?"

Anselmo anaitana alonda a panyanja. Anabwera, nayeza mtunda, naona zikalata za maboti aja. Zonse zinali m'malo. Mkulu wa alonda anavula chipewa pomuuza Anselmo kuti palibe chimene angachite, chifukwa malowo ali kunja kwa dera lotetezedwa.

Maboti aja anakhala masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse Anselmo ankapita, n'kuzimitsa injini chapatali, n'kukhala akuyang'ana mpaka iwo atanyamuka.

Maboti aja atachoka, Anselmo anapita kwa Ofelia namuuza zizindikiro zonse. Ofelia sanamudzudzule. Anangolemba, kenaka anamuthirira khofi.

Chaka chotsatira malire anasunthidwa, mwala unalowa mkati. Meyi atafika, omira a bungwe anapita kukawerenga nsomba. Ofelia anapita yekha kukamuuza Anselmo zotsatira zake.

"Apeza zisanu ndi imodzi, achimwene."

"Zazikulu?"

"Ayi."

Anselmo anagwedeza mutu. Boti lake anagulitsa. Masiku ano amasoka maukonde a anthu ena pansi pa chisakasa cha pagombe. Akatswiri a nsomba akuti garopa zikhoza kudzachulukanso pamwalapo pakatha zaka makumi awiri. Anselmo ali ndi zaka 68.

Phunziro: Chinthu chimene chikudyetsa mudzi wonse sichitetezedwa ndi chinsinsi cha munthu mmodzi. Anselmo anakaniza mlongo wake amene ankafuna kusunga malowo, koma anawaonetsa mlendo amene anangomukanda pamene pankamuyabwa. Njira zimene zinateteza makolo athu sizikwananso zokha lero. Anzanu akamagwirizana zotseka malo oswanirana nsomba, musatsalire kunja. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene moyo wawo umadalira madzi.